Zotsala za kudimba tipereke, koma tiyambe tawerenga masiku

Zikomo amfumu, zikomo anduna, azimayi ndi azibambo nonse. Inu muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi, mawu anga safika patali.

Za Lachitatu lapitali mwazimva. Ana ena a kuja amayi a mpingo amaphikira ana amasiye anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba atangodya nsima ya repu. Anathamangira nawo kuchipatala, onse abwerako, tiyamike Mulungu. Repuyo anachokera m'dimba lathu lino la gulu. Sinditchula munthu, wothyolayo anachita ndi mtima wabwino. Koma bedi limenelo linapoperedwa mankhwala Lolemba, Lachitatu m'mawa masamba ali kale mudengu. Ndiye mawu anga lero ndi awa: masamba opopera sathyoledwa masiku ake asanakwane.

Ena mwayamba kale kunena kuti basi, tileke kupereka, zingatiyikitse m'milandu. Ayi. Mwaiwala 2024? Mvula inadula, chimanga chinauma chisanabereke, mpaka Pulezidenti Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi ya chilala. Amene anali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje wa Lutembwe ndi amene anadyetsa anzawo. Lero Ogasiti akafika matimati amachuluka, mupita nawo kumisika ya ku Chipata, ku Kapata kapena ku Saturday Market, mupeza aliyense wabwera ndi matimati omwewo. Madzulo mubwerera nawo ataphwanyika mubokosi, n'kukakhuthulira nkhumba. Pamene agogo oyandikana nanu akudyera nsima mchere! Zimenezo zimandiwawa ine. Kupereka tipitiriza.

Ee amayi, nenani.

(Mayi wina: Nanga tikatsuka bwinobwino ndi madzi ambiri, mankhwalawo sachoka?)

Mwafunsa bwino amayi, ambiri pano amaganiza choncho. Kutsuka kumachotsa fumbi ndi mankhwala ena amene ali pamwamba. Koma alipo mankhwala amene amalowa m'kati mwa tsamba, n'chifukwa chake nsabwe za m'masamba zimafa zikayamwa, ngakhale zibisale kunsi kwa tsamba kumene simunapopere. Amenewo mungatsuke kasanu, mungawiritse, musadalire kuti achoka. Chimene chimawachepetsa ndi masiku basi. Pabotolo lililonse amalemba masiku odikira musanakolole, ndipo amasiyana, ena ndi ochepa, ena amapitirira sabata ziwiri. Ngati zilembo zachepa kapena zili m'Chingerezi, itanani mwana wasukulu, kapena pitani nalo botolo kwa alangizi a zaulimi. Ndipo apa ndikudzudzuleni pang'ono azibambo. Mankhwala otsala kumunda wa thonje ndawaona ndi maso anga akuthiridwa pa repu ndi pa matimati. Munthu wathira mu kabotolo ka Fanta, kopanda pepala, n'kumati ndi amphamvu awa. Thonje sitidya, abambo. Kabotolo kopanda pepala mudziwa bwanji masiku ake? Ndiponso mwana wochepa thupi, kapena munthu wodwala amene tikumupatsa ndiwozi, thupi lake silipirira ngati lanu. Masamba opopera sathyoledwa masiku ake asanakwane, mwamva amayi?

Kenanso nshawa. Kuno kum'mawa ndife eni nshawa, ndiye popereka ena mumasankha zabwino kugulitsa, zonyala ndi zachuku zija n'kuti izi zipite kwa amasiye, akasinje nsinjiro. Chuku chimenecho chili ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumupha. Ndi yemwe uja anapezeka mu ufa wina wogulitsa mu 2024, agalu n'kufa. Nshawa yoti mwana wanu simungamupatse musaiike m'thumba la mpingo.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, mbuzi zikudikira, ndifulumire. Bedi likapoperedwa, zikani kamtengo, mangani kansalu kofiira, alembi alembe tsikulo m'buku. Pali kansalu, palibe wothyola, kaya ndi apampando. Tsiku lopereka likhale limodzi, Lachisanu, ndipo tizithyola m'mawa dzuwa lisanakwere. Dengu likhale lotsuka, osati thumba la feteleza. Matimati ophwanyika asiyeni. Amayi ophikawo tiziwafunsa kaye zimene akufuna, tisamawaunjikire mpiru wambiri woti ufota mawa. Zikachulukitsa, chiwawa, khwanya ndi bondwe tifutse, tiyanike pathandala osati pansi, timange zikwatu. Mfutso umenewo udzawathandiza mu Okutobala ndi Novembala zitsime zikaphwa.

Ndabwerezanso kachitatu: masamba opopera sathyoledwa masiku ake asanakwane. Anyamata awiri a njinga otengera madengu Lachisanu lino atsale, alembi akufuna mayina awo. Amfumu, ndabweza mawu kwa inu.