Malangizo a Ulendo wa Pansi Kuchokera ku Chelinda Kukafika ku Livingstonia

Moni kwa inu nonse omvera amene mwatchera khutu pa nthawi ino. Lero ndikufuna kulankhula ndi inu amene mukulingalira zoyenda pansi m'nkhalango yosungirako nyama ya Nyika, chikwama chili kumsana, mukugona m'tenti ndi kuona nyama popanda galasi la galimoto pakati pa inu ndi izo. Ndikhazikika pa njira imodzi yodziwika bwino, yochokera ku Chelinda pamwamba pa phiri kukatsikira ku Livingstonia, yomwe anthu ambiri amayenda masiku atatu ndi kugona m'njira usiku uwiri.

Choyamba mudziwe malo amene mukupitako. Nyika ndi paki yoyamba m'dziko la Malawi, inakhazikitsidwa m'chaka cha 1965 ndipo inakulitsidwa mu 1978, kotero kuti lero ndi yaikulu kuposa mapaki ena onse m'dziko muno, malo ake ndi opitirira masikweya kilomita 3,000. Chigawo china chaching'ono cha phiri lomweli chili m'dziko la Zambia. Chelinda ali pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo nsonga yaitali kwambiri, ya Nganda, imapitirira pang'ono mamita 2,600. Manambala amenewa ndawatchula dala, chifukwa ndiwo akukuuzani za mdani wanu weniweni pa ulendowu. Anthu akamva zoti munthu akukagona m'tchire, amafunsa za nyalugwe ndi fisi, koma amene amabweza alendo ulendo usanathe kawirikawiri ndi kuzizira, nkhungu ndi matuza a kumapazi.

Kuti mufike ku Chelinda, mudzanyamuka ku Rumphi, kudutsa ku Bolero, mpaka pa chipata cha Thazima, mtunda wa makilomita pafupifupi 55, ndipo kuchokera pa chipata pamatsalanso makilomita ena pafupifupi 60 a msewu wafumbi. Zogula zanu zonse mumalize pa boma la Rumphi kapena ku Mzuzu, mafuta a galimoto pamodzi ndi ndalama za m'thumba, chifukwa pamwamba paja palibe msika woti mungathamangireko mukaiwala mchere. Komanso mukumbukire kuti ulendo wanu ukathera ku Livingstonia, kutali ndi kumene mwayambira, choncho mugwirizane pasadakhale ndi munthu amene adzatsike ndi galimoto, kapena mukonzekere kukwera zamatola.

Musanafike n'komwe, mulumikizane ndi oyang'anira paki kuti akukonzereni msilikali wolondera nyama, amene ambiri timangowatchula kuti agemu. Pakiyi ili pansi pa nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo kuyambira mu 2023 boma likuyendetsa Nyika pamodzi ndi Vwaza mogwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation. Lamulo sililola mlendo kuyenda yekha maulendo ataliatali oterewa, ndipo ine ndikuona kuti lamuloli ndi lanzeru. Zitunda za pa Nyika ndi zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, udzu wokhawokha kulikonse kumene mungayang'ane, ndipo nkhungu ikagwa, munthu satha kuona mnzake amene ali mamita khumi patsogolo pake. Mlonda amadziwa khwawa limene lili ndi madzi, dambo limene limamiza miyendo, ndi malo amene njovu zimakonda kudutsa. Mungathenso kulemba anthu onyamula katundu, ndipo mukatero mugwirizane nawo malipiro musananyamuke, muwerengerenso chakudya chawo ndi pogona pawo, chifukwa si bwino kuti inu mugone mofunda pamene munthu amene wakusenzerani mphika akunjenjemera panja.

Tsopano tikambe za nthawi. Miyezi ya Meyi mpaka Okutobala ndiyo yabwino kuyenda, chifukwa njira zimakhala zouma ndipo mitsinje imawolokeka. Koma mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka chisanu kuyera pa udzu, ndipo nyama zambiri zimatsikira m'nkhalango za m'munsi kuthawa mphepoyo. Nyengo ya mvula ndi imene mbidzi ndi ntchefu zimadzaza pamwamba pa phiri, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale maluwa a m'gulu la chinaka, omwe pa Nyika alipo mitundu yoposa 200, amakhala atamasula, komatu nthawi imeneyo msewu umaterera ndipo mphezi pa chitunda chopanda mtengo si yoseweretsa. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, ine ndingakulangizeni kusankha Seputembala, pamene kuzizira kwachepa koma mvula isanayambe.

Za katundu, lamulo langa ndi lakuti chilichonse chimene mukukayikira ngati mudzachigwiritse ntchito chitsale kunyumba, kupatula zofunda ndi mankhwala. Chikwama chikhale cha lamba wa m'chiuno kuti kulemera kukhale pa chiuno osati pa mapewa, ndipo zolemera muziike pafupi ndi msana. Mutenge tenti yosalowa madzi, chikwama chogonamo chochindikala, ndi kamphasa kofewa koyala pansi, chifukwa nthaka yozizira imakoka kutentha kwa thupi kuposa mphepo. Juzi, jekete yamvula, chipewa cha ulusi ndi masokosi owuma ogonera muzikulunge m'jumbo yapulasitiki mkati mwa chikwama. Zovala za masana zikhale za mtundu wa khaki, wobiriwira kapena wotuwa. Malaya oyera amaoneka kuchokera kutsidya kwa chigwa, ndipo chilembwe adzakhala atakuonani kale inu musanadziwe kuti alipo. Nsapato zikhale zimene munayamba kale kuyenda nazo kwa masabata angapo. Nsapato yatsopano ya m'sitolo ndi imene imagoneka munthu pa tsiku lachiwiri, ndipo mukangomva kutentha pa chidendene, imani nthawi yomweyo mumatepo pulasitala thuza lisanatuluke.

Pa chakudya pali chinthu chimodzi chimene amayi ambiri odziwa kuphika amadabwa nacho akafika kumeneko. Pamtunda wa mamita 2,300 madzi amawira asanatenthe kwenikweni, pa madigiri pafupifupi 92 m'malo mwa 100, chifukwa mpweya ndi wopepuka. Zotsatira zake n'zakuti nyemba zouma zimatha nkhuni ndi nthawi koma osapsa, ndipo mpunga umafuna kuleza mtima. Choncho tengani ufa, usipa, soya, mtedza wokazinga, chiponde, masamba a tiyi ndi shuga, zinthu zopepuka koma zopatsa mphamvu. Madzi a m'mitsinje ya pa Nyika amaoneka oyera ngati a pampopi, komabe nyama zimamwa momwemo, choncho muziwawiritsa kapena kuthiramo mankhwala a klorini. Moto muzikoleza pokhapokha pamene mlonda wavomereza, ndipo pochoka muuthire madzi mpaka phulusa lizizire, chifukwa kambaliwali kamodzi m'udzu wouma wa Seputembala kangathe kutentha zitunda zambiri pamodzi ndi timagulu ta nkhalango timene timabisala m'zigwa.

Tifike pa nkhani yoona nyama, yomwe ndi imene yakutengerani kumeneko. Nyamukani m'mamawa dzuwa likungotuluka, pamene nyama zikudya, ndipo yendani mu mzere umodzi kumbuyo kwa mlonda, palibe wodumpha patsogolo pa mfuti. Kulankhula kukhale konong'ona, lamya ikhale yotseka pakamwa, ndipo wailesi itsale. Nyama zimadalira mphuno ndi makutu kuposa mmene ife timaganizira, choncho yesetsani kuti mphepo izikuwombani kumaso. Njira ya makolo yodziwira kumene mphepo ikulowera ndi yabwinobe mpaka lero, yomanga phulusa pang'ono m'kansalu ndi kukagwedeza kuti muone kumene fumbi likupita. Mukayandikira pamwamba pa chitunda, musatulukire mwadzidzidzi mutaima chilili, chifukwa thupi la munthu limaonekera bwino kwambiri likakhala pakati pa udzu ndi thambo. Weramani, suzumirani pang'onopang'ono, ndipo mukaona gulu la nyama khalani pansi. Mphindi makumi awiri zokhala chete ndi magalasi oonera patali zidzakuonetsani zambiri kuposa ola lathunthu lolondola nyama zimene zakuonani kale.

Zimene mudzaone kawirikawiri ndi mbidzi, chilembwe wa nyanga zopindikira kumbuyo ndi nkhope ya mawanga akuda ndi oyera, ntchefu yomwe ndi yaikulu kuposa nyama zonse za mtundu wa agwape, mphoyo amene amaliza likhweru akadzidzimuka, ndi njiri zothamanga mchira uli m'mwamba. Mbawala imakonda m'mphepete mwa nkhalango, makamaka pafupi ndi mitengo ya paini ya ku Chelinda yomwe inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950. Nyalugwe alipo ambiri pa Nyika, koma nthawi zambiri chimene mudzaone ndi mapazi ake m'matope kapena ndowe zokhala ndi ubweya, ndipo mupemphe mlonda akuphunzitseni kusiyanitsa phazi lake, lomwe silionetsa zikhadabo, ndi la fisi lomwe limazionetsa. Mbalame zilipo mitundu yoposa 400, kotero kuti ngakhale tsiku limene nyama zasowa maso sakhala ndi njala.

Njovu ndi zimene muyenera kusamala nazo kwambiri, makamaka m'madera a m'munsi okhala ndi mitengo. Mu 2017 njovu 34 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kubwera ku Nyika kudzawonjezera zimene zinalipo kale. Mukakumana nazo, musathamange ndipo musakuwe, chifukwa palibe munthu amene angapose njovu liwiro, makamaka atasenza chikwama. Imani, yang'anani dzanja la mlonda, ndipo bwererani pang'onopang'ono kumbali imene akuloza. Musadutse pakati pa njovu yaikazi ndi mwana wake, ngakhale chithunzi chitakoma chotani. Usiku chakudya chonse, mapoto, ngakhale nsapato, mulowetse m'tenti kapena mupachike pamwamba, chifukwa fisi amatola chilichonse chonunkha mafuta kapena chikopa. Madzulo aliwonse muziyang'ana m'miyendo, m'chiuno ndi m'khwapa kuti muchotse nkhupakupa zisanakhazikike.

Musathyole maluwa, musakumbe chinaka, ndipo musatole nyanga kapena fupa ngakhale mutalipeza lili lokha, chifukwa kutuluka ndi zinthu zotere m'paki ndi mlandu. Mukaona msampha wa waya, muuzeni mlonda m'malo mouchotsa nokha. Zinyalala zonse, mabatire ndi majumbo omwe, zitsike nanu.

Gawo lomaliza la njirayi ndi lotsetsereka kwambiri, pamene mukuchoka pa udzu wa pamwamba kulowa m'nkhalango ndi kutulukira m'midzi ya Aphoka, kumene mudzadutse m'minda ya khofi, nthochi ndi chinangwa. Apa mawondo ndi amene amavutika, choncho dulirani ndodo pasadakhale, mangani zingwe za nsapato zolimba kuti zala zisamagunde kutsogolo, ndipo pondani mafupiafupi. Muli m'dera la anthu olankhula Chitumbuka, ndipo mawu oti monire popereka moni ndi yewo pothokoza adzakutsegulirani njira. Musajambule munthu kapena nyumba yake musanapemphe. Mukafika ku Livingstonia, pa Khondowe pamene m'mishonale Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894, mupume usiku umodzi, mukaone nyumba yamiyala imene iye ankakhalamo ndi mathithi a Manchewe, musanatsike msewu wokhotakhota wa Gorodi kupita ku Chitimba. Pamwamba pa Nyika udzudzu ndi wosowa chifukwa cha kuzizira, koma kunyanja ulipo wambiri, choncho usiku umenewo mugone m'neti, ndipo ngati thupi litatentha m'masabata otsatira, mupite kuchipatala akakuyezeni malungo.