Bolopeni, pepala ndi nyenyezi zakufa

Mafumu, makolo, aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, zikomo pobwera madzulo ano. Maso onse kuno. Bolopeni iyi ndaikwecha m'tsitsi, taonani tizidutswa ta pepala tikudumpha kuchoka patebulo. Dziko lonse lapansili likukokera tizidutswati pansi, koma kabolopeni ka pulasitiki kalilanda ndi mphamvu ya magetsi. Pakati pa mapulotoni awiri, timbewu ta pulasi ta mkati mwa atomu, mphamvu ya magetsi imaposa mphamvu yokoka ija ndi nambala ya 1 yotsatiridwa ndi maziro 36.

Gwirani mfundo imeneyo, tikwere nayo kumwamba.

Nyenyezi ikatha nkhuni zake, imafwamphuka n'kudzipanikiza yokha. Ina imasanduka white dwarf, kukula ngati dziko lathuli koma kulemera ngati dzuwa. Mu 1930, mnyamata wa ku India, Subrahmanyan Chandrasekhar, ali pasitima ya pamadzi kupita ku England, anawerengetsa kuti nyenyezi yotereyi ili ndi malire. Lero tikudziwa kuti ikaposa kulemera kwa dzuwa ka 1.4, singaimenso. Ma elekitiloni, timbewu ta mainasi ta mu atomu, amakanikizidwira m'mapulotoni, ndipo zikatero pangabadwe neutron star, yomwe m'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 20 basi. Ndi ngati kuchoka ku Old Town kulowera ku Lumbadzi, koma muli katundu woposa dzuwa.

Nanga magetsi akulowa pati? Mwaona pabatire pali pulasi ndi mainasi. Zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. M'nyenyezi, pulasi ndi mainasi zimakhala pafupifupi ndendende, n'chifukwa chake mphamvu yokoka ndiyo imalamula. Ma elekitiloni ndi opepuka, ena amathawa, motero nyenyezi imatsala ndi pulasi pang'ono. Pang'ono bwanji? Kwa nyenyezi yonga dzuwa, ndi ma coulomb, muyeso wa tchaji ya magetsi, osafika 100. Batire ya foni ya 3000 mAh yomwe mwasiya pa tchaji kunyumba imatulutsa oposa 10,000. Ine izi zimandizizwitsa mpaka lero.

Tsono tiyerekeze kuti pulasi wachuluka. Mu 1971, katswiri wa sayansi Jacob Bekenstein analemba masamu a nyenyezi yokhala ndi tchaji. Kukankhana kwa mkatimo kumathandiza kunyamula katundu, nyenyezi n'kutha kusenza kulemera kochuluka isanagwe. Pulotoni mmodzi wowonjezera pa timbewu tokwana 1 wa maziro 18 angakwane kulimbana ndi mphamvu yokoka yonse. Koma tchaji yochuluka choncho siikhalitsa. Imakoka mainasi aliyense wodutsa pafupi, kapena kuphulika monga imachitira mphezi m'nyengo ya dzinja.

Komwe magetsi amagwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi pachikhungwa cha neutron star. Timitima ta maatomu timakankhana mpaka kufola mwadongosolo ngati njerwa, n'kupanga khoma lolimba kuposa chitsulo chilichonse chomwe mungachipeze ku Kanengo.

Mayi kumbuyoko, ndaona dzanja lanu. Funsani.