Agogo a ku Vantaa ndi nyimbo zomwe ndinkati ndi za satana

Moni abale anga konse komwe mukumvera, a ku Joni, a ku Leeds, ndi inu a kumudzi amene mukudikira magetsi kuti mutchaje foni. Mawuwa akumveka ngati a chule chifukwa cha chimfine, mundikhululukire. Panopa ndi 4 koloko masana koma kunjaku kuli mdima wa ndiweyani. Disembala wa ku Helsinki, kuno ku Finland, ndi wotero, dzuwa limangosuzumira maola osakwana 6 kenako labwerera kwawo.

Ndiyambe ndi bwana uja chifukwa zikundiwawabe. Lachisanu tamaliza kukolopa maofesi ku Vantaa, mzinda woyandikana ndi Helsinki, ndayang'ana pepala la malipiro, maola 9 mulibe. Kumufunsa, akuti nthawi yoyenda kuchoka nyumba ina kupita ina sawerengera. Chikhalirecho mwezi watha anawerengera. Ine munthu wamkulu, ana awiri ku Ntcheu akudikira fizi, wina azindidyera thukuta akumwetulira? Inu amene mwangofika kumene, tamverani. Maola anu muzilemba m'kabuku tsiku ndi tsiku, muzijambula ndi foni, ndipo lowani union, si tchimo. Ulemu wathu wa kwathu uja, wogwada ndi kuwomba m'manja, kunoko ena amauyesa kupusa. Bwana akamakusekerera sindiye kuti ndi malume ako. Ndanena.

Ndiye tili mkati mokangana, basi inandisiya. Ndaima pa siteji, mphuno sindikuimva. Kunabwera kagalimoto, mkati muli mayi wina amene timagwira limodzi, wa zaka za m'ma 60, wa zidzukulu zake. Chaka chonse mawu amene tinalankhulana sangadzaze kapu. Anangondikodola. Pampando panali ulusi ndi sokosi yoluka theka, ndinachita kusuntha kuti ndikhale.

Atangoyatsa wailesi, abale, kunabuka ng'oma ngati chigayo cha dizilo cha pa Tsangano. Ndinagwira lamba. Mumtima ndinati Ambuye, ndakwera ya satana. Mukudziwa kwathu, munthu wa tsitsi lalitali, zovala zakuda, gitala wolira, nkhani yatha, itanani abusa.

Koma kenako panalowa mawu a mzimayi, osalala, okwera, osati kubangula kuja ngati munthu akusanza ayi. Kumbuyo kwake kwaya yathunthu, ma violin, keyboard ikungoyala pansi ngati nkhungu ya ku Dedza. Ine ndinakulira mu kwaya ya CCAP, ndinkaimba tenala, ndipo ndisaname, ndinkaimba. Khutu langa limadziwa mawu anayi akakumana bwino. Thupi lonse linachita tsembwe. Kunja mitengo yayera ndi chipale, msewu uli zii, ndipo nyimboyo inkangokhala ngati ikukankha mdima kuti tidutse.

Ndinati, mayi, awa ndi ndani? Anati Nightwish. Basi pakamwa panatseguka! Akuti ndi anyamata a ku Kitee, katauni kakang'ono kum'mawa kufupi ndi malire a Russia, anayamba mu 1996, ndipo woimba wawo woyamba, Tarja Turunen, anachita kuphunzira kuimba kwa opera. Ndinati ndiye inu mumapita ku Tuska? Chimenecho ndi chikondwerero cha nyimbo za mtundu umenewu, zomwe amati metal, cha mu Helsinki muno, dzinalo limatanthauza ululu. Anaseka, ati mawondo sangalole, iwo amamvera akuluka. Zidzukulu zawo nazo zili ndi gulu lawolawo, Hevisaurus, akuluakulu ovala ngati ma dinosaur kuimbira ana metal. Khirisimasi ikamayandikira pali zoimbaimba za Raskasta Joulua, nyimbo za Khirisimasi zomwezi koma pa magitala olemera, mabanja athunthu amapita.

Chimene chinandimaliza ndi ichi. Mu 2006 ku Temppeliaukio, tchalitchi chija chosemedwa m'thanthwe chomwe nonse mumakajambulitsako mukabwera, anachita mapemphero a Lutheran, nyimbo za m'buku koma zoimbidwa mwa metal. Amati Metallimessu. Tangoganizani ine ndapita nazo ku sesheni kwathu, ndati akulu a mpingo, Sabata ino tiyeseko. Angandidule ndisanamalize chiganizo.

Ndakhala ndikuganiza chifukwa chake zinandigwira, ine wa reggae ya ku Chileka. Power metal imeneyi ili ndi nsanjika ziwiri. Pansi ng'oma zikuthamanga, woimba akuponda ndi mapazi onse awiri, ndiye miyendo yako siyingagone. Pamwamba nyimbo ikuyenda mwachifatse, yachisoni, ngati ya pa siwa m'bandakucha amayi atatopa koma osasiya. Munthu amene thupi lili pa ganyu koma mtima uli kumudzi, zonse ziwiri zimamupeza. Chingerezi chake chokamba za nyenyezi ndi nyanja theka sindikumva, koma sizikundivuta. Kodi rumba ya ku Congo tinkavina tikumva Lingala?

Loweruka usiku ndinaika Sonata Arctica m'makutu, awo ndi a ku Kemi, kumpoto kwenikweni. Khonde limene ndimakolopa mphindi 40 ndinamaliza m'mphindi 25. Kenako ndinazindikira kuti amene wapindula ndi bwana yemwe uja. Ndinakhala pa ndowa mpaka nthawi itakwana.

Mayi aja akuti Lolemba andiperekeza kukaonana ndi a union, akandimasulire, chifukwa nawonso maola awo 6 asowa. Ndipo sokosi ija akuti ndi yanga, ingotsala inzake.

Vuto ndi kunyumba. Dzulo mayi a ana anaimba pa WhatsApp nyimbo ikulira kukhitchini. Anakhala chete, kenako akuti, kodi inu, mwalowa mpingo wanji kumeneko? Ndati ndi kwaya. Akuti kwaya yake iti yoimba ndi chigayo? Apongozi amva kale, ndiye madzulo ano ndili ndi mlandu wina. Ndithamange, basi ingandisiyenso.