Mawu a m'mawa: Mumufunsa kaye "Shiboleti" kapena mumumvera?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. M'mawa uno tiwerenge Oweruza 8:1-3, kenako titsegule Oweruza 12:1-6. Ndime ziwirizi zimakoma kuziwerenga motsatizana.

Anthu a fuko la Efraimu anali ndi vuto limodzi: ntchito yaikulu ikachitika iwo asali patsogolo, ankabwera mitima ili m'mwamba kudzafunsa chifukwa chomwe sanaitanidwe. Anachita zimenezi kawiri, kwa atsogoleri awiri osiyana.

Koyamba anapita kwa Gideoni, uja anabalalitsa Amidiyani ndi anthu 300 okha. Anamukalipira koopsa. Gideoni akanafuna, akanawakumbutsa amene anaika moyo pachiswe usiku uja atanyamula mitsuko, miyuni ndi malipenga. Iye sanatero. Anawauza kuti khunkha la mphesa za Efraimu likuposa zokolola zonse za banja lake la Abiezeri, popeza Mulungu anapereka m'manja mwawo Orebu ndi Zeebu, akalonga a Midiyani. Sanawanamize ayi, anangofufuza chabwino chomwe anthuwo anachitadi n'kuchitchula poyera. Mkwiyo unathera pomwepo.

Patapita zaka, dandaulo lomweli linamupeza Yefita atagonjetsa Aamoni, ndipo ulendo uno linabwera ndi chiopsezo chomutenthera m'nyumba. Yefita anayankha kuti anawaitana koma sanabwere kudzamuthandiza. Mwina ankanena zoona. Koma nkhani itafika pa kunyozana, anasonkhanitsa anthu a kwawo, Agileadi, n'kutseka madooko a mtsinje wa Yordano. Aliyense wofuna kuoloka ankauzidwa kuti anene "Shiboleti". Munthu wa Efraimu lilime linkamukanika, n'kunena "Siboleti", ndipo ankaphedwa pomwepo. Anafa anthu 42,000, onse ana a Israeli, abale okhaokha.

Chomwe chimandizizira m'nkhongono ndi chakuti padooko paja palibe amene ankafunsidwa mlandu wake. Ankangomvetsera katchulidwe basi.

Ndiye taganizirani msonkhano wa khonsolo. Mayi wina waimirira, pepala lili m'manja likunjenjemera, akufotokoza kuti ngalande ya m'dera lawo inatsekeka ndi zinyalala ndipo mvula ikagwa madzi akulowa m'nyumba. Asanamalize, wina wanong'oneza wapampando kuti, "Ameneyutu ndi wa chipani chija." Wapampando wayang'ana wotchi: "Mayi, nthawi yatha, khalani pansi." Khansala wa mbali inayo wadzuka kuti amuikire kumbuyo, osati chifukwa ngalande yamukhudza, koma wapezerapo mpata wochititsa anzake manyazi. Phokoso labuka, ena atuluka m'chipinda, kalaliki watseka buku. Ngalande ikadali yotsekeka. Ameneyo ndiye Shiboleti wa masiku ano.

Ntchito ya khonsolo ndi ya pafupi kwambiri ndi munthu: msewu wokumbika, zinyalala zosachotsedwa, mlatho wothyoka, ukhondo wa pamsika, bajeti ya wadi. Madzi osefukira safunsa kuti munavotera ndani. Ndiponso khansala ndi womutsutsa amakhala dera limodzi, ana awo amaphunzira sukulu imodzi. Mawu achipongwe olankhulidwa m'chipinda cha msonkhano, kapena olembedwa pa Facebook usiku mtima utatentha, mawa lake mukumana nawo panjira maso ndi maso.

Musandimve molakwa, ulemu si kugonja. Aefraimu analakwa maulendo onse awiri. Mtsogoleri akhoza kukana pempho, akhoza kudzudzula katangale, akhoza kunena kuti ndalama palibe, koma osamuvula munthu ulemu pagulu. Miyambo 15:1 imatiphunzitsa kuti kuyankha mofatsa kumabweza mkwiyo, pomwe mawu owawa amautsa ukali. Akulu amati mtsogoleri ndi dzala, aliyense amadzatayirapo zake. Amene sangapirire kutayiridwa mawu, mpando umuwotcha msanga.

Pena tisamukweze kwambiri Gideoni. M'mutu 8 womwewo, atabwerako kothamangitsa mafumu a Midiyani, analanga akuluakulu a ku Sukoti ndi minga, n'kugwetsa nsanja ya ku Penueli. Kwa fuko lamphamvu anafatsa, kwa midzi ing'onoing'ono anakhwimitsa dzanja. Alipo atsogoleri otero, aulemu kwa amene angawagwetse pa chisankho, aukali kwa wogulitsa pamsika amene alibe womulankhulira. Ulemu woterowo ndi mantha chabe ovala jekete.

Ifenso amene sitili pampando tisadzichotse. Nthawi zambiri ndife amene timaimirira padooko. Khansala wa chipani china akakonzetsa msewu, pakamwa pamatilemera kunena zikomo. Wathu akalakwitsa, timamubisa kumsana. Paulo pa 1 Timoteyo 2:1-2 anapempha kuti tizipempherera onse aulamuliro, ndipo sanapatule oti awa okha ndiwo athu.

Tipemphere. Atate, tikupereka m'manja mwanu meya, makhansala ndi onse ogwira ntchito kukhonsolo amene ali ndi misonkhano lero. Wina akaimirira ndi dandaulo, apatseni khutu lomva nkhani yake mpaka amalize. Gwirani lilime la wapampando pamene watukwanidwa. Ndipo ine, Ambuye, ndikumbutseni dzina la mtsogoleri uja sindinamuvotere, kuti ndimutchule pamaso panu ndisanatuluke m'nyumba muno. M'dzina la Yesu, Amen.