Sitima zankhondo ndi mfuti zowombera zokha

Zikomo amayi ndi abambo pobwera. Lero tikambirane za nkhondo ya pamadzi. Katundu wamalonda wa padziko lonse, pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse, amayenda pa sitima, choncho amene walamulira nyanja wagwira mayiko ambiri pakhosi.

Tiyambe ndi chimphona. America ili ndi sitima yotchedwa USS Gerald R. Ford, imene inayamba ntchito mu 2017. Ndi yaitali mamita opitirira 330, imayendera mphamvu ya nyukiliya, ndipo pamwamba pake ponse ndi bwalo la ndege. Ponyamuka, ndege zimakankhidwa ndi mphamvu ya maginito, osati nthunzi ngati kale. Inadya madola pafupifupi 13 biliyoni.

Tsono tamverani izi. Mu Epulo 2022, pa nkhondo ya Russia ndi Ukraine, Moskva, sitima yotsogolera gulu la Russia pa Black Sea, inamira, a Ukraine n'kunena kuti anaiphulitsa ndi mizinga ya Neptune. Kenako a Ukraine anabweretsa timabwato topanda munthu totchedwa Magura V5. Kabwato kamodzi n'kotalika mamita asanu ndi pang'ono, kodzaza mabomba, kamera ili kutsogolo, woyendetsa ali phee kumtunda, maso pa sikirini. Timabwera usiku, tingapo nthawi imodzi, titabisala m'mafunde moti radar, makina oonera zinthu patali, satiwona msanga. Mu Febuluwale 2024 timabwatoti tinamiza sitima za Russia zotchedwa Ivanovets ndi Caesar Kunikov. Russia inasamutsa sitima zambiri ku doko la Sevastopol kupita nazo ku doko lakutali la Novorossiysk. Ku Red Sea nakonso, kuyambira kumapeto kwa 2023, madroni (tindege topanda munthu) ndi mizinga ya a Houthi, gulu lankhondo la ku Yemen, inachititsa sitima zamalonda kuzungulira ku Cape of Good Hope, kummwera kwa Africa.

Nanga sitima imadziteteza bwanji? Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mzinga ukamabwera, pamangotsala masekondi ochepa, munthu sangaganize n'kumaliza. N'chifukwa chake sitima zambiri zili ndi mfuti ya Phalanx, yokhala ndi radar yakeyake. Akaitchera kuti izigwira yokha, imaona chinthu, n'kuchilondola, n'kulavula zipolopolo zokwana 4,500 pa mphindi, popanda chala cha munthu.

Wina anena kuti makina salakwa. Ayi ndithu, ndipo anthu odalira makina amalakwanso. Pa 3 Julayi 1988, sitima ya America ya USS Vincennes, yokhala ndi makompyuta amakono a Aegis, inagwetsa ndege ya Iran Air ikuuluka pamwamba pa Persian Gulf. Asilikali anaiyesa ndege yankhondo. Anthu 290 anafa, ana ali momwemo. Tsikulo panali mkulu wa sitima amene analamula, amene akanafunsidwa. Nanga mawa kompyuta ikadzasankha yokha wofa, tidzafunsa ndani? Wolemba pulogalamu? Wogula chidacho? Kwa ine, kuchotsa moyo wa munthu si ntchito yosiyira makina, ngakhale atachenjera bwanji.

Mayiko ayamba kudzidzimuka. Mu Disembala 2023, mayiko 152 ku msonkhano waukulu wa United Nations anavomereza kuti nkhani ya zida zodzisankhira zokha woti ziphe iunikidwe. Mu 2023, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, ndi bungwe la Red Cross anapempha kuti pakhale pangano lomanga mayiko onse. Panganolo silinasainidwe, pomwe mafakitale akupitiriza kupanga zidazo usana ndi usiku.