Gawo 14: Lole yomwe sitinaionepo

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli ku Zomba, ku Chipata kapena kuno kunja. Mawu anga akamamveka ngati ndili m'chitsime musadabwe, ndikujambula ndili m'bafa muno mu Kharkiv, ku Ukraine, komwe kuli nkhondo ndi Russia. Kuno timaonetsetsa kuti pakati pa munthu ndi panja pakhale makoma awiri otiteteza mizinga ikaphulika, ndipo m'nyumba mwathu malo otero ndi ano okha.

Mchemwali wanga anandifunsa sabata yatha kuti, "Achimwene, sailini ikalira bwanji simuthawira pansi ku metro, kokwerera sitima za pansi pa nthaka kuja?" Ma Shahed, tindege topanda woyendetsa tija, timakupatsa mpata. Umatimva tikubwera, phokoso lake ngati njinga yamoto yakutha. Koma foni ikalemba kuti "balistika", kutanthauza kuti kukubwera mzinga wothamanga kwambiri, mpata palibe.

Mzinga umenewu dzina lake ndi Iskander-M. Umayenda pa lole ya matayala 8, iwiri pa lole imodzi. Loleyo imaima kwinakwake m'chigawo cha Belgorod ku Russia, kudzutsa mzinga, kuombera, kenako n'kusamuka asilikali a Ukraine asanadziwe pamene inali. Umatha kufika makilomita 500, pomwe malire ali pa makilomita ngati 30 okha kuchoka pano. Umakwera kutali m'mwamba n'kutsika mwaliwiro loposa la mawu. Ine ndamvapo kuphulika kaye, mawindo n'kunjenjemera, sailini n'kulira pambuyo. Chimodzi mwa zida zotha kuugwetsa ndi Patriot ya ku America, koma zilipo zochepa, sizingakwanire mizinda yonse.

Akatswiri a zankhondo amati ntchito yake ndi kuphwanya mosungira zida, mabwalo a ndege ndi malikulu a asilikali kuseri kwa malo omenyerana. Chabwino. Koma pa 5 Okutobala 2023 unagwera m'mudzi wa Hroza, m'chigawo chathu chomwechi, pa kanyumba kodyeramo komwe anthu anasonkhana atabwera koika maliro a msilikali. Anafa anthu 59, m'mudzi wa anthu pafupifupi 300. Inu amene munakhalapo pa siwa, ganizani mudzi wonse uli pamodzi, mbale zili m'manja. Tsiku limenelo chakudya sichinandilowe.

Apongozi anga aakazi amagona atavala jekete, makiyi ndi mapepala awo m'thumba. Mwana wathu timamuyalira muno, pambali pa bafa, pomwe ndakhala pano. Wagona kale, n'chifukwa chake ndikulankhula motsitsa mawu.