Mvula isanagwe, nyengo ya moto sinathe: mawu kwa Amalawi okhala ku Cape Town, Epulo 2021

Zikomo a tcheyamani. Amayi, abambo, achimwene ndi achemwali, muli bwanji nonse? Inu a kumbuyoko tsegulani chitsekocho mpweya uzilowa, koma masiki asatsikire pachibwano ayi.

Sindikhulupirira kuti muno muli munthu amene sanaone utsi Lamulungu lapitali, pa 18 Epulo 2021. Ena munali mutaxi pamsewu wa M3, ena munauonera pafoni. Moto unayamba m'mawa m'munsi mwa phiri la Devil's Peak. Dzuwa lisanalowe unali utanyambita kale lesitilanti ya pa Rhodes Memorial, n'kulowa ku yunivesite ya Cape Town, UCT, n'kutentha Jagger Library momwe ankasungamo mabuku ndi zolemba zakale za mayiko a muno mu Africa. Ana asukulu masauzande anawachotsa m'mahositelo ali ndi zovala za m'thupi zokha. Chigayo cha mphepo chija cha Mostert's Mill, chomwe chinamangidwa mu 1796, chinapsa. Ndipo mumvetse bwino apa: chigayocho chili tsidya lina la msewu. Motowo unalumpha M3 yonse, msewu waukulu wa magalimoto m'mizere ingapo, chifukwa mphepo inkanyamula makala amoto n'kukawaponya patsogolo. Lolemba mphepo inakula, mahelikopita sanathe kuuluka, moto n'kukhotera kudera la Vredehoek, anthu n'kuyamba kuthawa m'nyumba. Malo opsa ndi mahekitala pafupifupi 600.

Mu Epulo, abale. Osati mu Januwale, mu Epulo. N'chifukwa chake ndapempha mpata uno. Mawu anga ndi amodzi, ndipo muwamva mpaka akukoleni: mvula isanagwe, nyengo ya moto sinathe.

Ife tinakulira kumene mvula imagwa kukutentha. Kwathu imayamba Novembala kapena Disembala, pofika Epulo tikudya mondokwa, tchire likadali lobiriwira. Kuno zinatembenuzika. Miyezi yotentha ndiyo yopanda mvula. Mvula ya kuno imabwera ndi chisanu, kuchokera kunyanja ya Atlantic, ndipo yambiri imagwa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Ndiye taganizani, pofika Malichi ndi Epulo udzu ndi zitsamba zakhala padzuwa miyezi yambirimbiri, zauma kuti gwa. Chaka chabwino timvula toyamba timabwera mu Epulo, nthaka n'kunyowako. Chaka ngati chino mvula ikuzengereza, masana kukutentha ngati tili pakati pa chilimwe. Amene mumagwira ntchito m'magadeni ku Constantia ndi ku Bishopscourt mukudziwa. Kapinga akuti phwephwerephwe pansi pa nsapato, masamba othothoka ali mulu m'ngalande za padenga, ndipo bwana akuti musesere pakona. Pakonapo mwaunjika nkhuni za moto.

Palinso mphepo ija yotentha imene eni dziko amaitcha berg wind. Si ija ya kum'mwera chakum'mawa yomwe imatigwetsera zovala pachingwe mu Disembala ayi. Iyi imachokera kumtunda, m'kati mwa dziko, ku Karoo uko, n'kumatsika mapiri kulinga kunyanja. Mpweya ukamatsika umapanikizika, ukapanikizika umatentha, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 alionse. Amene munapopapo njinga mukudziwa mmene pampu imatenthera m'manja, ndi zomwezo. Ikamafika kuno imakhala yotentha, yopanda chinyezi n'pang'ono pomwe. Milomo imang'ambika, zovala zochapa zimauma musanamalize kuyanika. Tsiku lotero ngakhale ndudu yotayidwa m'mbali mwa msewu ndi yokwanira. Lamulungu lija kunali kotero, kutentha kupitirira madigiri 30. Ndipo mphepo imeneyi imakonda miyezi yomwe ino mpaka m'chisanu, nthawi zambiri imatsogolera mvula. Ndiye mukaimva musamati, aa, kwafunda bwino lero. Muziti lero ndi tsiku loopsa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si masana, koma usiku. Masana kukutentha, koma usiku kwayamba kale kuzizira. Anthu atulutsa mahita, ena akoleza mbaula m'shaki, tinyumba tathu ta malata ndi matabwa tija, ena chitofu cha palafini akuchisiya chikuyaka kuti m'nyumba mufunde. Ndiye onani mmene zakumanirana: kunja kouma ngati Januwale, m'nyumba moto ngati Juni. Onjezanipo load shedding ndi makandulo ake. Masiku apitawa ndinalowa m'shaki ya mnyamata wina wa kwathu, sinditchula dzina, ali muno ndipo akuseka. Kandulo anaiimika pa chivindikiro cha botolo, pamwamba pa TV, pafupi ndi katani. Ndinamufunsa, achimwene, mukagona ndani aizimitse? Akuti imazima yokha ikatha. Eee, imazimadi yokha, koma itatha kudya nyumba! (kuseka) Musaseke kwambiri, ambiri mwa inu mukuchita zomwezo.

Mvula isanagwe, nyengo ya moto sinathe.

(Bambo wina aimirira: "Pepani akulu, ndidule pang'ono. Kwathu timatentha tchire chaka ndi chaka posaka mbewa, palibe amafa. Komanso moto wa kuphiriwu ndi wa anthu a ndalama okhala m'mbali mwa phiri. Ife a m'mashaki ukutikhudza pati?")

Zikomo bambo, khalani pansi, funso lanu ndi la anthu ambiri muno, kungoti inu mwalimba mtima. Ndiyambe ndi lupsa la kwathu. Choyamba, si zoona kuti silipweteka. Funsani a ku Mzimba za nkhalango ya Chikangawa, mmene moto wawonongera mitengo ya paini kumeneko. Funsani a ku Zomba za phiri lawo. Koma ndikuvomereza kuti udzu wa m'dambo umapsa msanga n'kuzima, ndipo pakhomo pathu timasesa, bwalo limakhala la dothi lokhalokha, moto ukafika umasowa chodya. Nyumba ya mnzako ili uko, yako ili kuno, pakati pali munda.

Kuno tchire lake ndi lina. Zitsamba za m'mapiri a kuno, fynbos, zili ndi timasamba ting'onoting'ono touma, zina zamafuta, ndipo chibadwa chake ndi kupsa pakapita zaka khumi kapena kuposerapo kuti mbewu zake zimere. Ndi tchire lodikira moto. Kuwonjezera apo anthu anabzalamo paini ndi bulugamu, mitengo yobwera, yomwe moto wake umakwera m'mwamba n'kumaponya makala kutali. Pamenepo ikani mphepo ya Cape Town, imene ngakhale munthu wamkulu amagwira mtengo wa magetsi kuti asagwe. Simungayerekeze ndi lupsa la mbewa.

Tsopano zoti ndi moto wa anthu a ndalama. Bambo, nyengo imene yaumitsa phiri ndi yomweyo yaumitsa matabwa a shaki yanu, mapulasitiki a padenga, makatoni amene mwamata m'khoma kuti mphepo isalowe. Mphepo imene inalumphitsa moto pa M3 ndi yomweyo imaomba ku Dunoon, ku Capricorn, ku Philippi. Ngati unalumpha msewu wonse uja, kampata ka pakati pa shaki yanu ndi ya neba, komwe munthu amadutsa chammbali, kangauletse? Akulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Kuno tchire lotsalalo ndi ifeyo.

Ndipo si nkhani yongoganizira. Mu Malichi 2017 ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay, kunapsa mashaki oposa 2,000, anthu anafa, masauzande anagona panja. Amalawi ambiri amakhala kumeneko, ena muno munataya katundu. Malichi ameneyo, mwezi womwe anthu amati chilimwe chikutha. Disembala yapitayi, mu 2020, ku Masiphumelele kunapsa mashaki oposa 1,000. Bwererani ku 2015: moto unayamba pamwamba pa Muizenberg pa 1 Malichi, n'kuyenda masiku angapo mpaka ku Noordhoek, Chapman's Peak, Hout Bay ndi Tokai, ndipo sabata imeneyo kutentha m'tauni kunapitirira madigiri 40. Kusiyana kwake n'kumodzi. Wa m'mbali mwa phiri ali ndi inshuwalansi, nyumba ikapsa amamanga ina. Inu ndi ine? Firiji ija mukufuna kutumiza kumudzi, ndalama za malata zomwe mwabisa pansi pa matiresi, pasipoti, pepala la permit, zonse phulusa m'mphindi zochepa. Ndipo mukudziwa nokha kuvuta kwake kopezanso mapepala kuno. Ndiye bambo, ukutikhudza, ndipo ukutikhudza kuposa iwowo. Mwamva? Chabwino.

Za madzi ndingodutsamo, chifukwa ena muziti madamu ali bwino. Inde, mu Okutobala chaka chatha, 2020, anadzaza. Koma amene munali kuno mu 2018 simunaiwale. Mvula inavuta zaka zitatu zotsatizana, 2015, 2016 ndi 2017, ndipo akatswiri anaona kuti mvula yoyambirira ya Epulo ndi Meyi ndi imene inasowa kwambiri. Damu lalikulu la Theewaterskloof linasanduka mchenga ndi zitsa. Kuyambira Febuluwale 2018 munthu mmodzi ankaloledwa malita 50 patsiku. Anatiuza kuti madamu akatsika kufika pa 13.5 peresenti atseka mipopi, tizikaima pamzere kulandira malita 25 aliyense. Ndiyo Day Zero ija. Tinkapita ndi zigubu kukasupe wa ku Newlands mbandakucha. Sizinafike potseka chifukwa anthu anadziletsa, alimi anachepetsa kuthirira, kenako mvula inagwa. Zonsezo zinayamba ndi nyengo ngati ino, mvula kuchedwa anthu n'kumati ibwera. Ndiye amayi, mpopi wa tonse uja musausiye ukuthira pansi inu mukucheza. Anyamata otsuka magalimoto, ndowa, osati payipi.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana mafoni, ndipo ana atopa. Ndithamange, mugwire zimene mungagwire.

Kandulo iduleni pakati, ikani m'botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu lothiramo mchenga, ikagwa igwere mumchengamo. Amene mungathe gulani nyali yotchaja, mtengo wake sufika pa mowa wa Loweruka limodzi. Mbaula isagone m'nyumba, kuwonjezera pa moto utsi wake umapha munthu ali m'tulo. Chitofu chikhale pansi posalala, kutali ndi katani ndi bedi, ndipo musathire palafini chikuyaka. Mwabwera mwaledzera usiku, musaphike, gonani ndi njala, simufa. Ana musawatsekere m'shaki ndi loko inu n'kupita kuntchito, chonde amayi, chonde. Machesi akhale pamwamba. Mawaya olumikiza mwamseri aja, soketi imodzi ketulo, hita, ayironi, TV, mukudziwa nokha. Pakhomo pakhale ndowa ya mchenga ndi ya madzi. Moto wa palafini kapena wa mafuta ophikira musauthire madzi, umabalalika, thirani mchenga kapena vindikirani poto. Udzu, zinyalala ndi matayala akale zichoke m'mbali mwa nyumba. Tinjira musatitseke ndi zowonjezera zanu, galimoto ya ozimitsa moto idutsa pati? A m'magadeni, musatenthe masamba ngakhale bwana atakuuzani, ndipo mumuuze za ngalande za padenga. Opita kukapemphera kuphiri usiku, ndikudziwa mulipo, pempherani koma moto musakoleze. Mukatha kuwotcha nyama pa braai thirani madzi mpaka makala azizire. Ndudu musataye pawindo la taxi.

Munthu akapsa, madzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20, kenako kuchipatala. Osati mankhwala otsukira mano, osati dzira, osati mafuta. Zovala zikagwira moto asathamange, agwe pansi agubuduzike. Mapasipoti, mapermit, makadi a ana a kuchipatala, zonse m'kachikwama kamodzi pafupi ndi chitseko, ndipo muzijambule pafoni n'kutumiza kwa m'bale wodalirika. Moto ukabuka kuwani, dzutsani aneba, tulutsani ana, firiji isiyeni. Mukatuluka musabwererenso.

Ndipo imbani foni. Ambiri timaopa kuti akabwera afunsa mapepala, ndiye aliyense amadikira kuti mnzake ndiye aimbe, moto uli kudya. Ozimitsa moto amabwera kudzazimitsa moto. Tulutsani mafoni aja mumayang'anawo, tsopano ndakulolani. Lembani: 021 480 7700. Ndibwerezenso, 021 480 7700. Imeneyo ndi ya ngozi ya mzinda wa Cape Town. Ngati mulibe airtime imbani 112. Munene dera, msewu woyandikira ndi chizindikiro chodziwika, sukulu kapena sitolo, ndipo wina akaime pamsewu kuwalozera njira.

Kakagwa kamvula kamodzi sabata ino musati basi zatha, fumbi lokha ndilo lagona. Mpaka igwe yeniyeni, ya masiku angapo, nthaka ikhute, nyengo ya moto sinathe.

Mabotolo ndi mchenga zili pakhomo apo, achemwali awiri aja akuonetsani kaikidwe ka kandulo mukamatuluka, banja lililonse litenge limodzi. A tcheyamani, ndabweza kwa inu, pali nkhani ya chopereka cha maliro ija.